Musanakweche mendulo za agogo a Keyala, yambani mwaziwerenga

Ine ntchito yanga ndi yokonza mawotchi ndi kuzokota mayina pa zikho za mpira, mphete zaukwati ndi timapuleti ta pazitseko za maofesi. Za mendulo zinachita kundipeza pabenchi. November akamayandikira, nthawi imene dziko limakumbukira asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija, kumabwera anthu atakulunga kanthu m'mpango, pempho lake limodzimodzi: "Bambo, tatiwalitsirani mendulo za agogozi, zada." Ambiri amabwerera nazo zili zakuda chomwecho, koma atadziwa chimene agwira m'manja. Mendulo ya boma imanena yokha kuti inapangidwa bwanji, ndi chitsulo chanji, ndiponso kuti boma linalolera kuwononga ndalama zingati pothokoza msilikali wake. Zonsezi zimakhala pa timizere tating'ono kwambiri, ndipo timizere timeneti ndi timene timayamba kufufutika munthu akangogwira kansanza ndi polishi.

Ndifotokoza mmene ndimayenderera mendulo ikafika. Zitsanzo zanga ndi za boma la Britain zimene zinkaperekedwa kwa asilikali a King's African Rifles, Keyala yathu ija imene inakhazikitsidwa mu 1902, chifukwa ndi zimene zili m'masutikesi ambiri kuno.

Zida zake n'zochepa. Galasi lokulitsa zinthu, likakhala la okonza mawotchi lokulitsa kakhumi ndiye bwino, koma kamera ya foni yabwino imathandizanso. Kamaginito. Rula ya mamilimita, kapena mukabwereke vernier kwa amakaniko. Nsalu yoyera yoyala patebulo. Mukhale pafupi ndi windo m'mawa kuti kuwala kuzibwera cham'mbali, chifukwa getsi lapamutu limabisa zokala. Mendulo muziigwira m'mbali mwake, zala zisamaponde nkhope ya mfumu.

Yambirani m'mphepete

Anthu amathamangira kuona nkhope. Ine ndimayamba ndaimiritsa mendulo chambali n'kuyang'ana mkombero wake, makamaka chakumunsi. Ngati ndi ya nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, pamenepo pali nambala ya msilikali, udindo wake mwachidule monga PTE., CPL. kapena SJT., dzina lake, ndi gulu lake, mwachitsanzo 1/K.A.R. kapena 2/K.A.R., amene anali magulu a kuno ku Nyasaland. Mendulo yooneka ngati nyenyezi, 1914-15 Star, ilibe mkombero wolembapo, choncho zake zili kumsana. Musadabwe mukapeza dzina limodzi lokha, kapena litalembedwa mokhota. Alembi a nthawiyo ankalemba mmene khutu lawo lamvera, ndipo ena polowa usilikali ankapereka dzina lina losiyana ndi lakumudzi. Nambala ndiyo siinama. Ilembeni papepala musanachite china chilichonse.

Tsono yang'anani mmene zilembozo zinalowera m'chitsulo. Za boma pa mendulo zimenezi n'zodinda ndi makina: zilembo zikuluzikulu zokhazokha, zofanana msinkhu, pansi pake posalala, ndipo m'mbali mwa chilembo chitsulo chimatukuka pang'ono chifukwa chinachita kukankhidwa. Zozokota ndi dzanja, ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, zimaoneka mosiyana. Mpeni umachotsa chitsulo, mzere umayamba mopyapyala, umakula pakati, n'kuthera mosongoka. Mendulo zina zakale kwambiri zinkazokotedwa ndi boma lomwe, koma ya nkhondo ya Chiwaya, British War Medal kapena Victory Medal, ikakhala ndi dzina lozokota, dziwani kuti wina anaikapo dzanja pambuyo pake.

Pali chinyengo china chofunika kuchidziwa, chopala dzina lakale ndi fayilo n'kulembapo lina. Mendulo zozungulirazi ndi za mamilimita 36 m'mimba mwake. Yesani mopingasa, kenako yesani chopendekera kudutsa pamene pali dzina. Ngati mbali ya dzina yachepa, kapena kamlomo kotukuka kozungulira nkhope kapyapyala chakumunsi kokha, pamenepo panadutsa fayilo. Pansi pa galasi nthawi zina mumaona mthunzi wa chilembo chakale pakati pa zatsopanozo.

Mukatembenuza mendulo za nkhondo yachiwiri, za 1939 mpaka 1945, mupeza m'mphepete muli mbee. Si kuti zafufutika. Boma la Britain linaganiza zozipereka zopanda mayina pofuna kupulumutsa ndalama ndi nthawi, popeza oyenera kulandira anali mamiliyoni. South Africa, India ndi Australia anadindapo mayina pa za asilikali awo, koma za Keyala zinabwera zopanda kanthu. Kwa ine apa ndi pamene luso linatsikira kwambiri, kuposa nkhani ya chitsulo imene ndinene kutsogoloku. Munthu anapita ku Abyssinia (Ethiopia ya lero), anawoloka nyanja mpaka ku Ceylon (Sri Lanka ya lero), mu 1944 anakasambira matope a chigwa cha Kabaw ku Burma ndi 11th East Africa Division, koma nyenyezi yake siisiyana ndi ya wina aliyense. N'chifukwa chake pepala lililonse limene mwalipeza pamodzi ndi mendulo zoterezi, kaya kabuku kotulukira usilikali, kaya chithunzi, kaya kalata, ndi lamtengo kuposa zitsulozo. Musazilekanitse.

Yodinda kapena yothira m'chikombole

Mendulo yeniyeni ya mtundu umenewu ndi yodinda, monga ndalama yachitsulo. Mmisiri amayamba waumba chithunzi chachikulu, chokula kangapo kuposa mendulo, kuti athe kukonza tsitsi lililonse ndi nthenga iliyonse. Makina ena amatsata chithunzicho ndi kansonga n'kumachisema chaching'ono pachitsulo cholimba, ndipo kuchokera pamenepo amapanga chidindo. Zidindo zimakhala ziwiri, chakumaso ndi chakumsana. Kachitsulo kozungulira kopanda kanthu amakaika pakati, mphete yachitsulo imakagwira m'mbali, makina n'kutsika ndi mphamvu ya matani ambirimbiri. Chitsulo chozizira chimakankhidwa mpaka kudzaza kangodya kalikonse ka chidindo. Chithunzi chikakhala chotukuka kwambiri amamenya kangapo, akumawotcha chitsulocho pakati kuti chifewe. Ku Britain ntchito yambiri yotere inali ya Royal Mint, kosulira ndalama za boma, imene kale inali ku Tower Hill mu London isanayambe kusamukira ku Llantrisant ku Wales mu 1968.

Wopanga zachinyengo alibe makina amenewo. Iye amatenga mendulo yeniyeni, amaidinda mumchenga kapena m'chinthu china chofewa kuti apeze chikombole, n'kuthiramo chitsulo chosungunula, ngati mmene woumba njerwa amaponyera dothi m'chikombole chake. Chimene chimatuluka chimafanana ndi chenicheni ukaonera patali, koma pansi pa galasi chimaulula zinthu zingapo.

Pamalo opanda chojambula, kuseri kwa mutu wa mfumu, mendulo yodinda imakhala yosalala ngakhale itakalikakalika ndi zaka. Yothira imakhala ndi timaenje ngati toboola ndi singano, ndi titimatuza tating'ono pamene mpweya unatsekeredwa. Zilembo za yodinda zimaimirira njo, ngodya zake zakuthwa, ndipo kabowo ka m'kati mwa A kapena R kamaoneka bwinobwino. Za yothira zimakhala zonenepa, ngati zasungunuka pang'ono, mabowo atatsekeka. M'mphepete mwa yothira mumadutsa kamzere kozungulira pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana, kapena zipsera za fayilo pamene anayesa kukabisa. Chitsulo chikamazizira chimafupika, ndiye yothira kawirikawiri siifika mamilimita 36 aja.

Musasokoneze kutha ndi kuthira. Mendulo imene agogo ankaipukuta chaka ndi chaka imatha pamwamba pokha: tsaya la mfumu, ndevu, ntchafu ya kavalo. M'makwawa mwake mizere imakhalabe yakuthwa. Yothira ndi yobuntha paliponse, pamwamba ndi m'makwawa momwe.

Maginito ndi mayeso achangu. Siliva, mkuwa, ndi chitsulo choyera cha mkuwa wosakaniza ndi nickel, zonsezi sizigwira maginito. Mendulo ikamata, nkhani yathera pomwepo. Koma ikapanda kumata sizitanthauza kuti ndi yeniyeni, chifukwa zachinyengo zambiri ndi za mtovu wosakaniza umene nawonso sugwira. Ena amakonda kuiponya pasimenti kuti amve kulira kwake. Chonde musatero. Ngati mukufuna kumva, ilendewetseni pa kansalu kake n'kuigogoda pang'ono ndi pensulo. Yodinda imalira motalikirapo, yothira imangoti phu. Ine mayeso amenewa sindiwadalira kwenikweni chifukwa kachitsulo kolendewetsera kamapha mawu.

Lamulo lakuti yothira ndi yabodza lili ndi pothera pake. Victoria Cross, mendulo yapamwamba koposa zonse za ungwazi ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1856, ndi yothira. Kampani ya Hancocks ya ku London ndiyo yakhala ikuipanga kuyambira pachiyambi, ndipo ikatuluka m'chikombole mmisiri amaikonza ndi dzanja mzere ndi mzere. Kuthira pakokha si kulephera luso, cholakwika ndi kuthira n'kusiya chomwecho. Komanso mukapeza timendulo tating'ono, theka la zenizeni, si tachinyengo. Timeneto anthu amagula okha kuti azivala pa maphwando a madzulo. Zina zazikulu zimalembedwa COPY kumsana poyera, ndipo izo sizinamiza munthu.

Chithunzi chake ndi amene anachiumba

Mukatsimikiza kuti ndi yodinda, khalani pansi muone ntchito ya mmisiri, chifukwa apa m'pamene mendulo zimasiyanira ulemerero.

Pa zonse zimene zimafika pabenchi panga, ine ndimaika patsogolo British War Medal ya nkhondo yoyamba. Ndi yasiliva, ndipo kulemera kwake kumamveka m'dzanja. Kumaso kuli mutu wa King George V wopanda chisoti, ntchito ya Bertram Mackennal, ndipo pamene khosi lathera pali timalemba B.M. Kumsana William McMillan anaika munthu wosavala ali pakavalo, lupanga lalifupi m'dzanja, kavaloyo akuponda chishango chokhala ndi chiwombankhanga cha Prussia, pafupi pake chibade ndi mafupa, kumwamba dzuwa, ndi zaka 1914 ndi 1918. Yang'anani minofu ya m'khosi mwa kavalo ndi mmene mwendo wakutsogolo wapindikira. Zonsezo zakwana pamalo osaposa chikhatho cha mwana, koma palibe chopanikizana. Zasiliva zoterezi zinapangidwa pafupifupi 6.5 miliyoni. Zina pafupifupi 110,000 zinapangidwa zamkuwa, chithunzi chomwecho, zopatsa magulu a antchito monga a ku China, Malta ndi India. Chidindo chimodzi, zitsulo ziwiri, malinga ndi mmene boma linkamuonera wolandirayo. Atengatenga athu, amene ananyamula katundu wa nkhondoyo pamutu kuchokera kunyanja mpaka m'dziko la Ajeremani la ku East Africa (Tanzania ya lero), ambiri anabwerera chifuwa chili chopanda kanthu.

Inzake ndi Victory Medal, yamkuwa, ya McMillan yemweyo: mkazi wamapiko atatambasula dzanja, kumsana mawu akuti THE GREAT WAR FOR CIVILISATION 1914-1919. Inkatuluka ndi kautoto kagolide pamwamba, kamene polishi amachotsa tsiku limodzi. Mukaipeza idakali ndi kautotoko m'makwawa, isiyeni chomwecho.

Za nkhondo yachiwiri zozungulira zilipo ziwiri, Defence Medal ndi War Medal 1939-1945. Zimaoneka ngati siliva koma si siliva. Ndi mkuwa magawo 75 ndi nickel magawo 25 pa 100. Chifukwa chake n'chodziwika: nkhondo itatha Britain inali m'ngongole, kuphatikizapo siliva amene inabwereka ku America, moti mu 1947 inachotsa siliva ngakhale m'ndalama zake zachitsulo. Canada yokha ndiyo inapanga zake zasiliva. Chitsulo chimenechi ndi cholimba, sichida msanga, koma kuwala kwake n'kozizira, kotuwa. Ngakhale zili choncho, amisiri sanagone. Pa War Medal, Percy Metcalfe anaumba King George VI atavala chisoti chaufumu, ndipo kumsana Edward Carter Preston anaika mkango utaimirira pa chinjoka cha mitu iwiri. Mamba a chinjokacho ndi malo abwino oyesera galasi lanu: pa yeniyeni limba lililonse lili palokha. Pa Defence Medal mfumu ilibe chisoti, mutuwo ndi wa Humphrey Paget, ndipo kumsana Harold Wilson Parker anaika chisoti chaufumu pamwamba pa kamtengo, mikango iwiri uku ndi uku. Funani timalemba ta mayina awo, PM, ECRP, HP ndi HWP. Ndi tating'ono zedi, ndipo ndi timene timayamba kusowa pa mendulo yothira kapena yokwechedwa.

Nyenyezi ndizo zimandikhumudwitsa. 1939-45 Star, Africa Star, Burma Star ndi zinzake zonse ndi thupi limodzi: nsonga zisanu ndi imodzi, mkuwa wachikasu wosakaniza ndi zinc, mamilimita 38 mopingasa ndi 50 kuchokera kunsonga yapansi kufika pamwamba pa kabowo kolowetsa mphete. Pakati pali zilembo za mfumu GRI ndi VI, pamwamba chisoti, ndipo chosiyanitsa ndi dzina lokha lolembedwa mozungulira. Kumsana kulibe kalikonse. Anajambula ndi amisiri a ku Royal Mint, ndipo kudinda kwake n'kwaukhondo ndithu, koma palibe njovu, palibe mtsinje, palibe chilichonse chonena kuti Burma ndi kosiyana ndi chipululu. Poyesa nyenyezi yang'anani timadontho ta kuseri kwa zilembo, tikhale tofanana ndi toyalana bwino, mizere yochokera pakati kupita kunsonga ikhale yowongoka ndi yakuthwa, ndipo kabowo kapamwamba kakhale thupi limodzi ndi nyenyezi, osati kowotcherera.

Kansalu ndi kachitsulo kopingasa

Nkhani imene nyenyezi inalephera kunena pachitsulo inanenedwa pa kansalu. Ka Africa Star n'kotuwa ngati mchenga, pakati mzere wofiira waukulu wa asilikali apamtunda, mbali ina kamzere ka buluu wakuda ka apamadzi, mbali ina ka buluu wowala ka am'ndege. Inkaperekedwa pa ntchito ya pakati pa 10 June 1940 ndi 12 May 1943, ndipo nkhondo ya ku Abyssinia ndi Somaliland inali m'gulu lomwelo. Ka Burma Star n'kofiira pakati, m'mbali buluu wakuda wodulidwa ndi mzere wa olenji woimira dzuwa, kuyambira 11 December 1941 mpaka 2 September 1945. Ka Defence Medal n'kobiriwira, pakati mtundu wa lawi la moto, ndi timizere tiwiri takuda tokumbutsa kuzimitsa magetsi usiku poopa mabomba. Kansalu ndiye kamakuuzani msanga ngati wina anasokoneza, chifukwa ndimaona kawirikawiri nyenyezi ya Burma italendewera pa kansalu ka Africa.

Kansalu kakale kamagwirika mofewa, ndipo kena, monga ka utawaleza ka Victory Medal, kali ndi mafunde ooneka ukakapendeketsa, mitundu ikulowerana popanda malire. Katsopano kotchipa n'kouma, konyezimira ngati pulasitiki, mitundu yake yochita kukuwa. Kakale ngakhale kathetheke musakataye. Ngati mukufuna katsopano kovalira, kakaleko kapindeni mukasunge mu envelopu.

Pamwamba pa mendulo pali kachitsulo kolendewetsera, kogwira mkombero ndi tizikhadabo. Onani ngati tizikhadaboto takhala mogwirana bwino, popanda mtovu wowotcherera wotuwa woonekera m'mbali. Pa British War Medal ndi War Medal kachitsuloka sikazungulira, choncho musakakamize. Pa Africa General Service Medal kamazungulira.

Mendulo imeneyi ndiyo yofunika kuiyang'ana kawiri. Ndi yasiliva, inayamba mu 1902, kansalu kake kachikasu, m'mbali mwakuda, ndi timizere tiwiri tobiriwira. Kumsana kuli mkazi woimira Britain ndi mkango, pansi mawu akuti AFRICA. Siinkaperekedwa yopanda kachitsulo kopingasa pa kansalu kotchula kumene munthu anamenya. Kamodzi mwa timeneti kamati NYASALAND 1915, ndipo kankapita kwa amene anathandiza boma kuthana ndi kuukira kwa John Chilembwe mu January chaka chimenecho. Banja likaipeza m'sutikesi limakhala ndi zokambirana zake madzulo, ine zimenezo sindilowerera. Changa n'chakuti musachotse kachitsuloko, ndipo muone timisomali togwirizira m'mbali mwake. Ta boma timakhala tofanana, mitu yake yozungulira bwino. Tophwanyidwa ndi hamala kapena tomangidwa ndi waya tikusonyeza kuti kachitsuloko kanaikidwa pambuyo pake. Chimodzimodzi ndi General Service Medal, ya kansalu kofiirira m'mbali ndi kobiriwira pakati, yokhala ndi kachitsulo kolembedwa MALAYA (dziko limene lero ndi mbali ya Malaysia), imene Keyala ya kuno inalandira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Iyo ndi yasiliva ndipo ili ndi dzina m'mphepete. Mukapeza yolembedwa KING'S AFRICAN RIFLES pamwamba pa mawu akuti FOR DISTINGUISHED CONDUCT IN THE FIELD, imeneyo ndi ya ungwazi, yosowa kwambiri. Musaipereke kwa wogula woyendayenda, ngakhale atchule ndalama yomveka bwino.

Zokhala ndi mitundu

Mendulo zaulemu za maboma, monga Order of the Lion imene Malawi anakhazikitsa mu 1967, zimakhala ndi mitundu pachitsulo penipenipo, ndipo kayesedwe kake n'kena. Njira yakale ndi ya enamel weniweni, amene ndi galasi loperapera lothiridwa m'timaenje ta chitsulo, n'kuwotchedwa mung'anjo mpaka kusungunuka, kenako n'kupalidwa kuti lifanane msinkhu ndi timakoma tachitsulo. Mukayendetsa chikhadabo simumva polumikizira. Ndi wozizira mukamugunditsa pamlomo, mtundu wake susuluka, ndipo akawonongeka amachita kubenthuka ngati kapu. Njira yotchipa ndi utoto wokutidwa ndi pulasitiki yoonekera. Umatukuka pakati, umakalika ndi chikhadabo, ndipo pakapita zaka woyera umasanduka wachikasu.

Tembenuzani muone kumsana, chifukwa mmisiri waulesi amathera mphamvu zake kumaso. Tsiku lina anandibweretsera mendulo yatsopano ya utumiki wautali, yochokera ku ofesi ina imene sinditchula, kuti ndilembepo dzina. Kumaso inali yonyezimira ngati golide. Nditangoyamba kuzokota, kagolideko kanayamba kusupuka ngati chikhungwa, pansi pake chitsulo chotuwa chofewa. Chizindikiro chapakati chinali chomata ndi guluu, chopendekera pang'ono, kansalu kogwidwa ndi sitepulo. Mwiniwake anagwira ntchito zaka zambiri ndithu. Amene mumagula mendulo m'malo mwa boma kapena bungwe, pemphani chitsanzo musanalipire, muchiyang'ane kumsana, mufunse ngati n'chodinda, chitsulo chapansi n'chiyani, ndipo muyese ngati m'mphepete muli malo okwana dzina.

Kutsuka ndi kusunga

Phulusa ayi. Mchenga ayi. Waya wokwechera mapoto, mandimu, Coca-Cola, mankhwala otsukira mano, zonsezi ayi. Brasso amawalitsa chifukwa amadya chitsulo, ndipo chimene wadya sichibwerera. Asilikali eniakewo ankapukuta kuti akaoneke bwino pa perete, n'chifukwa chake mendulo zina mfumu inatsala mutu wopanda diso ndi khutu. Imeneyo ndi mbiri yake, koma inu musapitirize. Kuda kwa siliva si litsiro. Ndi khungu lopyapyala limene limabwera ndi mpweya, limateteza chitsulo, ndiponso limachititsa kuti chithunzi chioneke bwino chifukwa makwawa amada pamwamba pakuwala.

Ngati pali litsiro lenileni, thukuta louma kapena polishi wakale woyera atamatirira m'zilembo, chitani izi. Masulani kansalu ngati kakusoka kakulola, apo ayi kakulungeni ndi pepala kuti kasanyowe. Thirani madzi ofunda m'mbale yapulasitiki ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale. Viikani mendulo mphindi zochepa, ipukuteni mopepuka ndi mswachi wofewa wa mwana, m'zilembo muchotse ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Tsukuluzani ndi madzi oyera, igunditseni pansalu ya thonje mpaka iume, ndipo muisiye pamphepo maola angapo chifukwa madzi amabisala pansi pa tizikhadabo tija. Imodzi imodzi, zisagundane m'mbale.

Pa zamkuwa yang'anirani dzimbiri lobiriwira. Likakhala losalala, lolimba, lakuda pang'ono, lisiyeni. Likakhala lowala, lofumbutuka ngati ufa, ndiye kuti likudya chitsulo ndipo chinyezi ndicho chikulidyetsa. Lichotseni ndi kamtengo, umitsani bwino, mendulo imeneyo muisunge payokha ndipo muziiyendera nyengo ya dzinja.

Posunga, iliyonse ikulungidwe payokha m'kansalu ka thonje koyera kochapidwa. Musaike m'jumbo kapena m'pulasitiki yofewa ija ya mafayilo, imatulutsa mafuta amene amasiya zobiriwira pachitsulo. Labala yomangira ndalama imadetsa siliva, imasiya mzere wakuda umene suchoka. Nyuzipepala nayonso si yabwino. M'bokosimo ponyanimo timapaketi touma tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo bokosilo likhale pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa ndi chiswe. Mukafuna kuzipachika pabalaza, pasakhale pofika dzuwa, chifukwa kansalu kofiira ndi kamene kamayamba kuyera. Jambulani kumaso, kumsana ndi m'mphepete ndi foni, mutumizire abale. Ndi nambala ija mukhoza kufunsa ku National Archives ku Zomba, kufufuza makadi a mendulo za nkhondo yoyamba amene ali ku National Archives ya ku Kew pa intaneti, kapena pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission ngati agogowo anatsikira kuli chete ali kunkhondo.

Ngati mukufuna kuzivala pa mwambo wa November, kaya ku chipilala cha Keyala ku Zomba, kaya ku Area 18 ku Lilongwe, mwambo wake ndi wakuti mwini mendulo amavala kumanzere, wachibale amavala kumanja. Kandandalikidwe kake, poyang'ana wovalayo kuchokera kumanzere kwanu: ya ungwazi poyamba ngati ilipo, kenako za nkhondo motsata zaka. Za nkhondo yoyamba ndi 1914-15 Star, British War Medal, Victory Medal. Za yachiwiri ndi 1939-45 Star, Africa Star, Burma Star, Defence Medal, War Medal. Pa 1939-45 Star ndi Africa Star, buluu wakuda akhale kumanzere kwa woyang'ana. Nkhope ya mfumu iyang'ane kunja, ndipo kumunsi kwa mendulo zonse kuthere pamzere umodzi, kutanthauza kuti kansalu ka nyenyezi ndi ka yozungulira sizikhala zofanana kutalika. Telala akamasoka, mumuuze agwiritse ulusi pa kansalu pokha, asathire guluu, ndipo asaboole chitsulo.